Amayi ali pa warfarin ndipo ayamba kuiwala, ndiwasiyitse?

Make Tadala, Turffontein
Moni nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mutu wandiima. Amayi anga ali ndi zaka 72. Ndinawaitanitsa kuchokera ku Ntcheu chaka chatha chifukwa ankangokhalira befu ndiponso miyendo inkatupa. Kuno ku Joni atawajambula ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima) anati mtima wawo ukugunda mosokonekera, pakhadi analemba kuti AF, ndipo anawayambitsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Miyezi yapitayi ayamba kuiwala. Afunsa chinthu, uwayankha, posakhalitsa afunsanso chomwecho. Dzana anasiya mphika pasitovu n'kukagona. Mlongo wanga kumudzi akuti ndiwasiyitse mankhwalawa, akuti ndi poizoni wa makoswe ndiye amene akuwawononga mutu. Akuti ndiwakweze basi abwerere. Alipo akudziwa za zimenezi?

Che Jafali, Mayfair
Pepani achemwali. Za makoswezo inenso ndinazimvapo. Dikirani a Nabanda alowe, amenewa ndiye ntchito yawo.

Nabanda, nesi, Germiston
Make Tadala, musanachite china chilichonse: musawasiyitse. Ngakhale tsiku limodzi, pokhapokha dokotala wawo atanena.

Ndifotokoze chifukwa chake. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba, ziwiri zam'munsi. Mwa munthu wa AF zam'mwambazo sizifinya magazi mokwanira, zimangonjenjemera. Ndiye magazi amadikha m'kathumba kena kali ku chipinda chakumanzere. Mukudziwa phala ukalisiya osavundula limachita mibulu. Magazi odikha nawonso amaundana. Kambulu kamodzi kakachoka pamenepo kamatsata mtsempha mpaka ku ubongo n'kutseka njira, ndiyo sitiroko imeneyo. Munthu wa AF chiopsezo chake cha sitiroko ndi pafupifupi kasanu poyerekeza ndi mnzake wopanda AF, ndipo sitiroko yochokera mumtima nthawi zambiri imakhala yaikulu. Warfarin ntchito yake ndi kuletsa mibulu imeneyi kupangika.

Za makoswe mlongo wanu sakunama. Warfarin anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948 ku America, ndipo mu 1954 anamuvomereza kuti anthu azimwa. Pulezidenti Eisenhower anapatsidwa warfarin mu 1955 atadwala mtima. Khoswe amafa chifukwa amadya wochuluka kwambiri mpaka kukha magazi m'kati. Munthu amamwa womuyezera, n'chifukwa chake amayi amatengedwa magazi kukayeza INR, nambala yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana.

Bambo Gondwe, Kempton Park
Anesi, tamva za sitiroko. Koma funso la mayiwa ndi la kuiwala. Asanayambe kumwa sankaiwala, ayamba kumwa ayamba kuiwala. Munthu wamba aganize chiyani?

Kondwani, Braamfontein
Bambo Gondwe, funso lanu ndi lolondola. Ine ndikuphunzira za mankhwala, ndiyesa kuyankha mmene ndikudziwira.

AF payokha imayendera limodzi ndi matenda oiwalaiwala, dimenshiya. Izi zinaonekera kale mu 1997 pa kafukufuku wa okalamba ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, ndipo ena ambiri pambuyo pake apeza zomwezo, ngakhale mwa anthu amene sanadwalepo sitiroko yooneka ndi maso. Chimene chimachitika n'chakuti si mibulu yonse imene imagwetsa munthu. Tina timakhala ting'onoting'ono, timatseka kamtsempha kochepa, kachigawo ka ubongo n'kufa mwakachetechete. Munthu sapindika kamwa, sapuwala mkono, palibe amene akudziwa. Zikachitika mobwerezabwereza kwa zaka, nzeru zimayamba kuchepa. Kuwonjezera apo mtima wogunda mosokonekera supopa magazi okwanira nthawi zonse, ndiponso BP ndi shuga, zimene zimabweretsa AF, zimawononganso mitsempha ya ubongo pazokha.

Tsono za mankhwala. Ku Sweden madokotala Friberg ndi Rosenqvist anaunika mbiri ya odwala AF 444,106 a pakati pa 2006 ndi 2014. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Amene ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana kuyambira pachiyambi chiopsezo chawo cha dimenshiya chinali chotsika ndi 29 peresenti poyerekeza ndi amene sankamwa. Ndiye ngati pali kumene umboni ukuloza, ndi kwakuti mankhwalawa amateteza mutu, osati kuuwononga.

Bambo Gondwe, Kempton Park
Ndiye mukutanthauza kuti munthu akamamwa sadzaiwala?

Kondwani, Braamfontein
Ayi bambo, sindikulonjeza zimenezo. Kafukufuku wa ku Sweden uja anangoyang'ana zimene zinachitika kale, sanachite kugawa anthu mwa maere. Ndipo madokotala ambiri amazengereza kupereka warfarin kwa munthu amene wayamba kale kusokonezeka, kuopa kuti azilakwitsa kamwedwe. Zimenezi pazokha zikhoza kuchititsa gulu la omwa mankhwala kuoneka lamutu wabwino. Ku Canada anachita wina wogawa mwa maere, dzina lake BRAIN-AF, pa anthu ocheperako zaka amene chiopsezo chawo cha sitiroko chinali chochepa. Ena anapatsidwa rivaroxaban, mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana, ena ayi. Mu 2024 analengeza kuti sanaone kusiyana pa nkhani ya nzeru, ndipo anauimitsa usanathe. Choncho palibe amene ayenera kumwa mankhwalawa n'cholinga chongoopa kuiwala. Koma agogowa ali ndi zaka 72 ndiponso zikumveka kuti mtima unafooka. Iwo chifukwa chomwera chilipo kale, ndi sitiroko.

Nabanda, nesi, Germiston
Kondwani wafotokoza bwino. Ine ndifunse za pakhomo. Make Tadala, kabuku ka INR muli nako? Tawerengani manambala omaliza. Amene amawapatsa mapilitsi ndani? Ndipo akumwanso chiyani china, ngakhale cha kushopu kapena cha zitsamba?

Make Tadala, Turffontein
Kali pano. Palembedwa 1.4, kenako 3.9, kenako 1.6. Mwezi watha sanayezedwe, tinabwezedwa pageti pa kiliniki ina chifukwa cha mapepala ndipo sindinapezenso tsiku. Ine ndimagona kuntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye amamwa okha. Tadala amapita kusukulu. Zina amamwa za BP. Komanso masiku ano akudandaula mutu, ndimawagulira Grand-Pa.

Nabanda, nesi, Germiston
Apa ndiye pali nkhani. Kwa munthu wa AF, INR imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2 magazi akhoza kuundana ngati kuti sakumwa kanthu. Ikakwera kwambiri akhoza kukha magazi, ngakhale mu ubongo. Amayi anu pa maulendo atatuwo sanakhalepo pakati. Manambala odumphadumpha chonchi kawirikawiri ndimawaona mwa munthu amene tsiku lina aiwala kumwa, tsiku lina amwa kawiri poganiza kuti sanamwe.

Grand-Pa asiye lero lomwe. Muli aspirin mmenemo, ndipo aspirin ukamuphatikiza ndi warfarin chiopsezo chokha magazi chimakwera. Brufen ndi diclofenac chimodzimodzi. Ngati akufuna choletsa ululu, Panado pa mlingo wake.

Koma mutuwo wandidetsa nkhawa. Unayamba liti? Anagwapo?

Make Tadala, Turffontein
Anaterereka kubafa masabata apitawa, anagunditsa mutu kukhoma. Sanatupe, anadzuka okha. Sindinaganize kuti n'zokhudzana.

Nabanda, nesi, Germiston
Achemwali, pitani nawo kuchipatala ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, lero, osadikira mawa. Okalamba amene ali pa warfarin akagunda mutu magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono pakati pa chigaza ndi ubongo, munthu n'kumayenda bwinobwino masabata angapo, kenako mutu, tulo, kusokonezeka. Mwina palibe kanthu, koma odziwa ndi sikani basi. Mukafika pa tebulo loyamba nenani zinthu zitatu izi motsatana: ali pa warfarin, anagwa n'kugunda mutu, akumva mutu ndipo akusokonezeka. Tengani kabuku ka INR ndi mapaketi onse a mankhwala. Zipatala zikuluzikulu ngati Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Bara zili ndi makina a CT ojambulira sikani imeneyi.

Che Jafali, Mayfair
Galimoto ndili nayo, ndaweruka. Nditumizireni kuseri pamene muli ndidzakutengeni.

Make Tadala, Turffontein
Zikomo Che Jafali, ndatumiza.

Naphiri, Tembisa
Mulungu atsogole. Pamene tikudikira, ine ndiyankhulepo za kuwabweza kumudzi. Azakhali anga atayamba kuiwala ankadzuka usiku n'kumayendayenda, tsiku lina anapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, atangovala chitenje chimodzi. Mudzi wonse unati agwa pa ndege ya ufiti. Ana amene iwo anawalera ankawathawa. Zinatengera amfumu kuti anthu asawamenye. Okalamba akuphedwa ku Malawi chifukwa cha zoterezi, a MANEPO, bungwe loona za okalamba, akhala akulira za nkhaniyi zaka zambiri. Sindikunena kuti ku Ntcheu kudzachitika zomwezo, koma mlongo wanuyo ayambe wamvetsa kuti awa ndi matenda a ubongo, ndipo akawafotokozere abale ndi anansi amayi asanafike.

Abusa Mbewe, Rosettenville
Mayi Naphiri mwanena zoona. Ndiwonjezere mbali yathu ya mpingo. Tiwapempherere agogowa, inde, koma pasapezeke wina wowauza kuti ataye mapilitsi posonyeza chikhulupiriro. Ndaikapo maliro a munthu amene anauzidwa zimenezo.

Mai Chisale, Randburg
Ine ndimasamalira agogo ena achizungu, nawonso ali ndi AF. Iwo sayezetsa magazi mwezi ndi mwezi, amangomwa Eliquis m'mawa ndi madzulo. Bwanji amayiwa osawasinthira ku amenewo, kusiyana n'kuvutika ndi mizere?

Kondwani, Braamfontein
Amenewo ndi apixaban. Anzake ndi rivaroxaban, amene ambiri amawadziwa kuti Xarelto, ndi dabigatran. Anayesedwa pa anthu masauzande ambiri cha m'ma 2009 mpaka 2011, ndipo ubwino wawo waukulu ndi wakuti kukha magazi m'mutu kumachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi warfarin. Safuna INR, ngakhale impso zimafunika kuyezedwa nthawi ndi nthawi. Vuto loyamba ndi mtengo, n'chifukwa chake kuzipatala za boma ambiri amapatsidwa warfarin. Lachiwiri, amatha msanga m'thupi, ndiye kwa munthu woiwala, kudumphitsa tsiku limodzi ndiye kuti tsiku limenelo alibe chitetezo.

Koma pali lachitatu limene likutikhudza ifeyo kwambiri. Kwathu kuno ku Africa anthu ambiri AF yawo imachokera ku mavalavu, tizitseko ta mu mtima, amene anawonongeka ali ana, chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa zimene zinabweretsa rheumatic fever. Kafukufuku wa Heart of Soweto, amene anachitikira ku Bara konkuno motsogozedwa ndi Pulofesa Karen Sliwa, anapeza kuti odwala AF kuno anali ocheperako zaka kusiyana ndi a ku Ulaya, ndipo ambiri anali ndi vuto la mavalavu. Kwa anthu oterewa kunachitika kafukufuku wa INVICTUS m'maiko 24, anthu oposa 4,500, zotsatira zinatuluka mu 2022. Ambiri ankayembekeza kuti rivaroxaban apambana. Sizinatero: amene anali pa warfarin ndi anzake a mtundu umenewo anamwalira ochepa. Choncho wa valavu yothina chifukwa cha rheumatic fever, kapena amene anamuika valavu yachitsulo, ayenera kukhala pa warfarin. Asanaganize zosintha, agogowa afunika sikani ya mtima ija amati echo.

Mai Chisale, Randburg
Ndamva. Ndinkangoti okwera mtengo ndiye abwino kwa aliyense.

Achimwene Sitima, Jeppestown
Nanga aspirin yekha? Kwathu agogo ambiri amangomwa kaaspirin kakang'ono tsiku lililonse, osayezetsa chilichonse.

Kondwani, Braamfontein
Kwa AF aspirin sakwanira. Ku Birmingham, ku England, anayerekeza aspirin ndi warfarin mwa okalamba a zaka 75 kupita m'tsogolo, zotsatira zinatuluka mu 2007. Warfarin anachepetsa sitiroko pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi aspirin, pamene kukha magazi kunali kofanana.

Naphiri, Tembisa
Ine ndinamva kuti wa warfarin asamadye masamba. Munthu wa ku Ntcheu ungamuletse nkhwani ndi chisoso? Adzadyera chiyani nsima?

Nabanda, nesi, Germiston
Azidya, Naphiri. Ili ndi bodza limene lavutitsa anthu ambiri. Masamba obiriwira ngati mpiru, bonongwe, repu, sipinachi, ali ndi vitamini K, ndipo warfarin amagwira ntchito polimbana ndi vitamini ameneyu. Chofunika ndi kudya mofanana sabata ndi sabata. Chimene chimasokoneza ndi kukhala mwezi wonse pa nkhuku ndi mazira, kenako kwabwera mfutso ndi basi kuchokera kumudzi, munthu n'kumadya masamba m'mawa ndi madzulo. Mlingo wa mapilitsi amaukonza molingana ndi mmene munthu amadyera.

Zimene ndimaopa kwambiri ndi mankhwala ena. Rifampicin wa TB amafooketsa warfarin kwambiri, ndiponso amafooketsa atsopano aja. Ma ARV ena amasokoneza. Bactrim ndi Flagyl amakweza INR mwadzidzidzi. Mowa nawo, ndi zitsamba za m'mabotolo zogulitsa m'misewu zimene sitidziwa muli chiyani. Kulikonse kumene akupatsidwa mankhwala atsopano, ngakhale kwa dokotala wa mano, mawu oyamba akhale akuti ndili pa warfarin. Ndipo kwa amayi achichepere amene ali pagulu pano: warfarin amavulaza mwana m'mimba, ndiye ngati mukumwa ndipo mukufuna pathupi kapena mwadumphitsa mwezi, thamangirani kuchipatala.

Che Jafali, Mayfair
Abale, tangotuluka. Tinachezera pamzere koma awaona. Make Tadala alemba okha akapuma.

Make Tadala, Turffontein
Zikomo nonse. Sikani yaonetsa kuti m'mutu mulibe magazi. Koma adokotala andionetsa timadontho tiwiri, akuti ndi zipsera za sitiroko zing'onozing'ono zakale, mwina za asanabwere n'komwe kuno. Ife sitinadziwepo kuti anadwala sitiroko. INR ya usiku inali 1.5. Akuti warfarin apitirize, abwerenso sabata ino kukayezanso, ndipo atilembera kalata ya echo ndi ya kukliniki ya okalamba kuti akawayeze za kuiwalaku. Atenganso magazi ena, sindinamve bwino kuti ndi a chiyani.

Nabanda, nesi, Germiston
Ndapuma. Magaziwo ayenera kuti ndi a chithokomiro, vitamini B12, impso, shuga, mwinanso HIV ndi chindoko. Musadabwe nazo, amayeza aliyense woiwala, chifukwa zina mwa zimenezi zimachititsa munthu kuiwala koma zimachizika. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimayambitsanso AF.

Zipsera zija zikutanthauza kuti amayi ali m'gulu la amene akufunikira mankhwalawa kwambiri. Madokotala amawerengera mapointi: zaka 65 mpaka 74 imodzi, 75 kupita m'tsogolo ziwiri, BP imodzi, shuga imodzi, mtima wofooka imodzi, amene anadwalapo sitiroko ziwiri. Amayi anu zaka, BP ndi mtima zokha zakwana kale zitatu.

Tsono ntchito yatsala ndi yanu, ndipo ndinena mosabisa: kuyambira lero amayi asamadzipatse okha warfarin. Gulani kabokosi ka masiku 7 ku famase, muzidzaza nokha Lamlungu motsatira kabuku. Paketi yaikulu muzibisa. Papezeke munthu mmodzi wowapatsa nthawi imodzimodzi madzulo aliwonse n'kuona kuti ameza. Akadumphitsa tsiku, mawa lake asamwe awiri, mungolemba m'kabuku n'kukanena. Muziyang'ana nkhama ngati zikutuluka magazi, kamfuno kosaleka, mikwingwirima pakhungu, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii. Ndipo kamwa ikapindika, mkono ukalefuka, kapena mawu akayamba kusamveka, imbani 112, nambala yoitanira thandizo ladzidzidzi, nthawi yomweyo. Mankhwala osungunula mbulu wa sitiroko kawirikawiri amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyambirira okha.

Abusa Mbewe, Rosettenville
Tadala ali ndi zaka zingati? Ngati ndi wamng'ono tisamusenzetse yekha. Amayi a chigwirizano awiri amakhala ku Turffontein komweko, ndiwapempha azisinthana kudutsa madzulo.

Make Tadala, Turffontein
Ali ndi 15. Ndingathokoze kwambiri abusa. Mlongo wanga ndamuwerengera zonsezi pafoni. Za makoswe wasiya, koma akuti kumudzi kuli anthu ambiri owayang'anira kusiyana ndi kuno kumene amatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse. Pamenepo ndikusowa chomuyankha, chifukwa amayi nawo akulira kwawo.

Bambo Gondwe, Kempton Park
Mlongo wanuyo pamenepa ali ndi mfundo. Munthu wokalamba kukhala yekha m'chipinda, osamva chinenero cha anansi, osapita kudimba, osapita kumaliro kapena kutchalitchi chake, mutu umafota msanga. Ine sindingamutsutse.

Kondwani, Braamfontein
Bambo Gondwe, akatswiri akugwirizana nanu. Lipoti la magazini ya zachipatala ya Lancet la 2024 linatchula zinthu 14 zimene zikhoza kupewedwa, zimene pamodzi zikukhudza pafupifupi 45 peresenti ya dimenshiya padziko lonse. Kusungulumwa kuli pamndandandawo, pamodzi ndi BP, shuga, fodya, mowa, kusamva bwino ndi kusaona bwino. Agogowa muwayezetsenso maso ndi makutu.

Nabanda, nesi, Germiston
Inenso sindikuti akhale kuno mpaka kalekale. Ndikuti asanyamuke manambala ali chonchi. INR iyambe yakhazikika, echo ichitike, muone zotsatira za magazi. Pa nthawi yomweyo mlongo wanu apite yekha kuchipatala cha boma ku Ntcheu akafunse maso ndi maso: kodi INR mumayeza pano, kapena mpaka ku Kamuzu Central kapena ku Queens? Warfarin amapezeka nthawi zonse? Akabwera ndi mayankho amenewo ndiye mukambirane ngati banja. Echo ikaonetsa kuti mavalavu ali bwino, funsani adokotala za apixaban kapena rivaroxaban, mwina abale mutasonkherana mungakwanitse, ndipo ulendo wokayezetsa mwezi ndi mwezi ungachepe. Koma kutumiza warfarin pa basi kuchokera ku Park Station, pokwerera mabasi kuno ku Joni, kwa munthu amene sakuyezedwa, chimenecho chokha ndikukanizani.

Che Jafali, Mayfair
Anesi, ndifunseko zanga. Bambo anga ku Mangochi ali ndi zaka 68, BP ali nayo, ndipo amati nthawi zina mtima umachita phaphapha ngati ukufuna kutuluka. Ndiwauze chiyani ana amene ali nawo?

Nabanda, nesi, Germiston
Awakhazike pansi apume kaye mphindi zisanu. Kenako aike zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, padzanja m'munsi mwa chala chachikulu, amvetsere kwa mphindi yathunthu. Asangowerenga kuchuluka kokha, amve ngati kugundako kukutsatana mofanana. Kwa AF kumathamanga, kuima pang'ono, kugunda mofooka, kuthamanganso, popanda dongosolo. Ayese m'mawa ndi madzulo masiku angapo, makamaka nthawi imene iwo akuti mtima wayamba, chifukwa AF ina imabwera n'kupita. Akamva zosokonekera apite nawo kuchipatala cha boma akapemphe ECG, ndipo atenge buku lawo la BP. Pakali pano musawagulire mankhwala alionse a magazi kuno.

Che Jafali, Mayfair
Ndiwaimbira ndikatuluka ku mzikiti. Kodi makina a BP a batire aja angathandize? Ndikhoza kutumiza ndi mnyamata wina akupita Loweruka.

Nabanda, nesi, Germiston
Tumizani, koma mugule omanga pamkono m'mwamba, osati apadzanja. Ambiri amaonetsa kachizindikiro ka mtima kugunda kukasokonekera. Kakamaoneka kawirikawiri ajambule ndi foni akaonetse adokotala. Muikemo ndi mabatire apadera.